Kodi boma lisiye feteleza n'kumanga magetsi a dzuwa?

Funso: Zikomo akatswiri. Ine ndili ndi chigayo cha magetsi pa tauni ina yaing'ono m'boma la Dowa. Magetsi akazima ndimangokhala manja lende, azimayi n'kusenza matumba awo kupita kwa mnzanga wa chigayo cha dizilo. Chaka chilichonse ndimamva pa wailesi nduna ikuwerenga bajeti, ndalama zankhaninkhani zikupita ku feteleza wotsika mtengo. Chonsecho dzuwa kuno limawomba chaka chonse, laulere. Bwanji boma osangotenga ndalama za feteleza za chaka chimodzi n'kumangira magetsi a dzuwa, vutoli litheretu? Mayi akunyumba akuti ndikuyankhula ngati munthu wokhuta, chifukwa magetsi sadyedwa ndipo kuchipatala kulibe ndi panado yemwe. Akulondola ndani?

Yankho: Bambo, musafulumire kukauza mayi kuti akatswiri agwirizana nanu. Masamu anu si olakwika kwenikweni, ndipo mayi nawonso akunena zoona. Kungoti ndalama zomwe mukukanganirana awirinu si zomwe zatsekereza magetsi m'dziko muno.

Tiyambe ndi masamuwo. Mu 2020, pomwe pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP inkayamba, boma lidaika padera ndalama pafupifupi K160 biliyoni, zomwe pa mtengo wa dola wa nthawi imeneyo zinali madola oposa 200 miliyoni. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, omwe kampani ya JCM idatsegula kumapeto kwa 2021, ndi a mamegawati 60 ndipo adadya madola pafupifupi 80 miliyoni. Ndiye inde, ndalama za feteleza za chaka chija zikadakwana kumanga malo awiri ngati a ku Salima, zina n'kutsalako. Wina asakuuzeninso kuti sola ndi yovuta poti imafuna ndalama zakunja. Feteleza nayenso timagula ndi madola omwewo, thumba lililonse.

Koma malo awiriwo sakadathetsa kuzimazima. Akamati mamegawati 60, akunena za masana dzuwa lili paliwombo, kumwamba kuli mbee. Mukaphatikiza usiku, m'mawa, madzulo ndi masiku a mvula, pa chaka malowo amatulutsa magetsi ofanana ndi a makina a mamegawati 15 oyenda osaima. Chovuta kwambiri ndi nthawi yake. M'dziko muno magetsi amalimbiranidwa madzulo, kuyambira cha m'ma 5 koloko mpaka cha m'ma 9, anthu ataweruka, akuphika, akusita, ma TV ali chiyakire. Apo dzuwa limakhala litalowa kale. Palinso mitambo. Magetsi a dziko lonse lino ndi ochepa, moti mtambo waukulu ukaphimba Salima n'kuchotsa mamegawati 30 kapena 40 m'mphindi zochepa, makina a pa Shire amayenera kuwonjezera mphamvu nthawi yomweyo. Akachedwa, dera lina limathimitsidwa dala kuti dziko lonse lisagwe mumdima. N'chifukwa chake malo a ku Golomoti ku Dedza, a mamegawati 20, adamangidwa ndi mabatire akuluakulu, n'chifukwa chakenso mudamva za mabatire a mamegawati 20 a ku Kanengo. A ku Golomotiwo amapereka mamegawati 5 kwa maola awiri basi. Yerekezani ndi kutalika kwa usiku.

Sikuti ndikulinyoza dzuwalo. Tikulifuna kwambiri, ndipo chifukwa chake ndi Shire. Magetsi osadalira mafuta kapena malasha si achilendo kwa ife. Kuyambira 1966, pomwe Nkula A idayamba kupukusa, takhala tikudalira madzi. Mwa mamegawati pafupifupi 390 a madzi omwe EGENCO, kampani ya boma yopukusa magetsi, ili nawo, onse ali pa mtsinje umodzi, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kupatula kamalo ka Wovwe ku Karonga kosafika ndi mamegawati 5 omwe. Madzi a Shire amachokera m'nyanja ya Malawi. Nyanja ikatsika nayenso amatsika, ndipo pakati pa 1915 ndi 1935 mtsinjewu udalekeratu kutuluka m'nyanjamo. Mu 2016 ndi 2017 nyanja idatsika kwambiri, makina ankatulutsa magetsi osafika theka la mphamvu zake, madera ena n'kumakhala tsiku lathunthu mumdima. Tidathamangira kubwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, a mamegawati 78, omwe adakhala kuno kuyambira 2018 mpaka 2022, yunitsi iliyonse ikutuluka pa mtengo wokwera kangapo kuposa ya madzi. Kenako mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka usiku umodzi, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a madzi onse. Padadutsa chaka ndi miyezi asanabwerere, ndipo madola 60 miliyoni okonzera Kapichira ndi nthambo zomwe zidagwa adachokera ku World Bank. Anzathu a ku Zambia adazionanso mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. M'makomboni a Lusaka munali masiku omwe magetsi ankayaka maola atatu okha. Ubwino wa dzuwa ndi wakuti mu Okutobala ndi Novembala, madzi atachepa, ndi pomwe limawomba mwaukali. Silithetsa vuto lonse, koma limachepetsa kudalira mtsinje umodzi.

Tsono apa ndi pomwe ndikusiyana nanu. Malo a ku Salima, a ku Golomoti ndi a ku Nkhotakota a mamegawati 21, omwe pamodzi akupitirira mamegawati 100, sadamangidwe ndi msonkho wanu. Adamanga ndi makampani omwe si aboma, pogwiritsa ntchito ndalama zawo ndi za mabanki a chitukuko akunja, atasainirana mgwirizano woti ESCOM izigula magetsiwo kwa zaka 20. Zidatheka chifukwa malamulo adasinthidwa mu 2016, ESCOM n'kugawidwa, EGENCO n'kutenga ntchito yopukusa magetsi kuyambira 2017, khomo n'kutsegukira ena. Kumanga malo a sola ndi ntchito yomwe eni ndalama amaifuna okha. Imatha msanga, m'chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mitengo ya mapanelo yagwa kwambiri padziko lonse m'zaka 15 zapitazi. Boma losauka ngati lathu likatenga ndalama zake zochepazo n'kukamanga chinthu chomwe wina anali wokonzeka kumanga ndi za m'thumba mwake, ndiye kuti lalanda ndalamazo ku ntchito zomwe palibe wina angazigwire.

Wamalonda asanabweretse dola imodzi amafunsa mafunso awiri. Wogulayo adzandilipira pa nthawi yake? Akandilipira m'makwacha, madola oti ndikabweze ngongole kwathu ndidzawapeza? Vuto lathu lagona pa mafunso awiriwa. Mitengo ya m'mapangano amenewa imawerengedwa m'madola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, zomwe ESCOM imayenera kulipira ogulitsa magetsiwa zidakwera tsiku lomwelo, inu ndi ine tikugulabe mayunitsi pa mtengo wakale. Kukweza mtengo wa magetsi kumadutsa ku MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo andale amachita nako mantha, makamaka chisankho chikayandikira. Kuwonjezera apo, maunduna, nthambi za boma ndi mabungwe ogulitsa madzi akhala ndi ngongole za magetsi za mabiliyoni ambiri kwa zaka. Blantyre Water Board imapopa madzi kuchokera pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakweza phiri mamita mazanamazana kuti afike mumzinda. Bilu yake ya magetsi ndi yoopsa, ndipo nayo imadandaula kuti maofesi a boma sailipira za madzi. ESCOM ikapanda kulipidwa imachedwa kulipira EGENCO, EGENCO imachedwa kugula zipangizo zokonzera makina a ku Tedzani ndi Nkula B, ena mwa iwo oikidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kunena mosapsatira, K1 biliyoni yomwe boma lalipira bilu yake ya magetsi pa nthawi yake imakokera magetsi a dzuwa ambiri m'dziko muno kuposa K1 biliyoni yogulira mapanelo. Kungoti palibe nduna yomwe idadulapo riboni chifukwa cholipira bilu.

Inu a chigayo mukudziwa kuti injini ingakule bwanji, lamba akaduka ufa sutuluka. Lamba wa magetsi ndi nthambo, mapolo ndi mathiransifoma. Sikuti nthawi iliyonse yomwe chigayo chanu chaima ndiye kuti magetsi achepa ku Nkula. Nthawi zambiri ndi polo lofumbwa lomwe lagwa ndi mphepo, mtengo womwe wagwera waya, thiransifoma yomwe yapsa chifukwa cholemedwa, kapena yomwe akuba aiphwasula pofuna kopa ndi mafuta ake. A ku America atatipatsa madola 350 miliyoni kudzera ku Millennium Challenge Corporation pakati pa 2013 ndi 2018, gawo lalikulu silidapite ku makina atsopano. Adakonzadi Nkula A kuchoka pa mamegawati 24 kufika 36, koma ndalama zambiri zidamangira nthambo yaikulu yochokera ku Phombeya ku Balaka kufika ku Nkhoma, ina yochokera ku Chintheche kudutsa ku Luwinga kufika ku Bwengu, ndi masiteshoni ogawira magetsi. Adaona kuti ngakhale magetsi atachuluka kummwera, njira yowafikitsira pakati ndi kumpoto inali yopapatiza.

Ndiye pali anthu omwe kuzimazima sikuwakhudza n'komwe, poti waya sudafikeko kwawo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinali ndi magetsi, ndipo kumidzi zinali pafupifupi 4. Chiwerengerochi chakwera m'zaka zapitazi, makamaka chifukwa cha tizipangizo ta sola ta pakhomo, koma Amalawi ambiri akadali kunja. Malo a ku Salima atakula kakhumi, agogo a kumudzi kopanda waya sangaone kusintha. Palibenso kampani yomwe ingakoke nthambo makilomita 15 kupita ku mudzi wa nyumba 60 zomwe zizingoyatsa mababu awiri ndi kutchaja foni, chifukwa ndalama zake sizingabwerere. Apa ndiye pa msonkho. Komwe kuli kutali kwambiri, timagetsi toima patokha ngati ta ku Sitolo ku Mchinji, toyendera dzuwa, kapena ta ku Bondo ku Mulanje, toyendera madzi a m'phiri, timatsika mtengo kuposa kukoka waya, koma nato timafuna wina alipireko gawo la ndalama zomangira kuti yunitsi isamadule kuposa momwe mlimi angakwanitsire.

Ndalama zokokera magetsi kumidzi zilipo kale m'malamulo. Pa lita iliyonse ya petulo kapena dizilo, komanso pa mayunitsi omwe mumagula, pali kagawo komwe kamapita ku thumba la MAREP. Koma kuyambira Novembala 2023 mpaka cha kumapeto kwa 2025, petulo pa pampu adasiyidwa pa K2,530 lita imodzi, pomwe mtengo woitanitsira mafutawo unkakwera. Makampani oitanitsa mafuta, poona kuti akugulitsa motsika kuposa momwe agulira, adagwira ndalama zomwe amayenera kupereka ku thumba la MAREP ndi la misewu. Motero mwakachetechete, aphungu osakambiranako, ndalama za mapolo a kumudzi zidatsitsira mtengo wa mafuta a anthu a magalimoto, ndipo mafutawo ankasowabe, anthu n'kumagona pa mizere. Chimenechi chinali chiganizo chachikulu cha momwe ndalama za dziko ziyendere, chachikulu kuposa zambiri zomwe mumamva nduna ikuwerenga, koma m'mabuku a bajeti simuchipeza.

Tibwere ku bajetiyo. Ya 2025/26, monga idaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo, inali ya pafupifupi K8 thiriliyoni. Mwa zimenezi, zoposa K2 thiriliyoni zinali za chiwongola dzanja cha ngongole. Osati kubweza ngongoleyo ayi, chiwongola dzanja chokha. Ndalama zimenezi zidaposa za maphunziro, zidaposa za umoyo, zidaposa za ulimi, ndipo zinali pafupifupi theka la misonkho yonse yomwe boma linkayembekezera kutolera. Chaka chapambuyo pake zinali pafupifupi K1.5 thiriliyoni, onani liwiro lake. Mukachotsa malipiro a aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi asilikali, mukachotsanso mapenshoni, zotsala zoti boma lisankhe pomwe lingaike n'zochepa kwambiri, ndipo ntchito zachitukuko zambiri zimayendera ndalama za mayiko ndi mabanki otithandiza. Gawo lalikulu la chiwongola dzanjacho likupita ku ngongole za m'dziko momwe muno, zomwe boma limatenga ku mabanki ndi ku mathumba a penshoni. Izi zimakukhudzani inuyo mwachindunji. Banki yomwe ingabwereketse boma pa chiwongola dzanja chokwera, chomwe mu 2025 chinkaposa 25 peresenti, popanda nkhawa, ivutikiranji kubwereketsa mwini chigayo wa ku Dowa kuti agule mapanelo? Ikakubwerekani, idzakutchajani kuposa pamenepo.

Chinanso, zomwe mukupemphazo zidachitika kale mbali ina, ndipo tidaona komwe ndalama zidalowera. AIP idayamba ndi mabanja oposa 3.5 miliyoni. Pofika 2022/23 adatsika kufika 2.5 miliyoni, chaka chotsatira 1.5 miliyoni, kenako kungopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Mabanja oposa 2 miliyoni adachotsedwa m'kaundula, koma palibe malo a sola omwe adamangidwa ndi ndalama zopulumutsidwazo, chifukwa sizidapulumuke. Zidamezedwa ndi kukwera mtengo kwa feteleza, kugwa kwa kwacha ndi chiwongola dzanja chija. Bola ngati boma likugwiritsa ntchito ndalama zoposa zomwe limatolera n'kumatseka dzenjelo ndi ngongole zodula, chilichonse chomwe mungadule apa chikathera ku banki.

Mayi akunena zoona kuti magetsi sadyedwa ndipo wodwala sangadikire damu limangidwe. Koma chipatala ndi magetsi si zinthu zopikisana. Katemera amasungidwa mufiriji. Magazi chimodzimodzi. Makina opereka mpweya kwa mwana wobanika ndi chibayo amayendera magetsi, ndipo azamba ambiri kumidzi adathandizapo mayi kuchira atagwirizira tochi ya foni. Chipatala cha boma chikamayendera jenereta, dizilo wake amachokera m'thumba lomwelo logulira chakudya cha odwala ndi mafuta a ambulansi. Choncho sola pa chipatala ndi ndalama za umoyo ndithu. Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti m'zipatala zing'onozing'ono zambiri mapanelo alipo pa denga, adabwera ndi mabungwe, koma mkati muli mdima. Mapanelo amakhala zaka zoposa 20, pomwe mabatire akale aja amafa pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo palibe yemwe adaika ndalama zogulira ena. Kugula mabatire a zipatala zonse zoterezi kungadye ndalama zochepa poyerekeza ndi kumanga malo amodzi atsopano, ndipo phindu lake lingaoneke usiku womwewo.

Pa nkhani ya feteleza, sindingalangize kuti aleke chaka chimodzi monga mukunenera. Nthaka yathu idatopa, ndipo banja lomwe lalephera kuthira feteleza chaka chino limakolola zochepa chaka chomwechino. Boma lomwelo lidzagula chimanga chokawagawira, mwinanso kunja ndi madola. Kusintha kotere kumafuna kupita pang'onopang'ono. Koma sinditetezanso momwe zilili. Kuyambira 2005, pomwe makuponi adayamba m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, takhala tikuthira ndalama zambiri za ulimi pa mbewu imodzi yodalira mvula ya miyezi inayi. Mu 2024 ng'amba ya El Niño itagwa, boma lidalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, anthu pafupifupi 5.7 miliyoni n'kufunika thandizo la chakudya. Feteleza yemwe adathiridwa m'minda imeneyo adapsa limodzi ndi chimanga. Gawo lina la ndalamazo likadamapita chaka ndi chaka ku mapampu a dzuwa a ulimi wamthirira, bwenzi tikukamba zina. Pampu ndiye imagwirizana bwino ndi dzuwa kuposa china chilichonse. Sifuna batire, imapopa masana, madzi n'kusungidwa m'thanki kapena m'dziwe, ndipo imagwira ntchito kwambiri m'miyezi yomwe mvula kulibe. Mkangano wanu ndi mayi ungathere pamenepa, poti awa ndi magetsi omwe amasanduka nsima.

Za chigayo chanucho ndingonena mwachidule. Mota ya chigayo wamba imafuna makilowati 15 mpaka 22, ndipo poyamba kuzungulira imakoka mphamvu kangapo kuposa pamenepo. Kuyendetsa chimenechi ndi dzuwa n'kotheka masana popanda mabatire, koma pamafunika mapanelo ambiri ndi chipangizo choyambitsa mota pang'onopang'ono. Musagule za pamsika mongoyerekeza. Pezani munthu wa chiphaso cha MERA adzayeze kaye mota yanu.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe imasowa ndalama kuposa zonse, koma ndiyo ikudya dziko. Nyumba zoposa 9 pa 10 zilizonse zimaphikira nkhuni kapena makala, kuphatikizapo zambiri za m'tauni zomwe zili ndi magetsi. Mitengo ikatha m'mapiri a ku Neno, Mwanza, Ntcheu, Balaka ndi Machinga, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya mu Shire. Matopewo amadzaza madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi osungidwa n'kuchepa, mchenga n'kumadya makina. Zinyalala ndi namasupuni zimatseka polowera madzi, moti nthawi ya dzinja makina amaimitsidwa kuti achotse. EGENCO imawononga ndalama zambiri chaka chilichonse kuvuula matope ndi kudula udzu pa Liwonde. Thumba la makala lomwe likulowa mu Blantyre pa njinga usiku limabwera ndi bilu yake, yomwe timalipira tonse kudzera ku kuzima kwa magetsi. Mbaula zosatha nkhuni zambiri monga Chitetezo, gasi wophikira wotsika mtengo m'tauni, nkhalango zodzalidwa dala kuti ziziwotchedwa makala movomerezeka, malipiro a alonda a nkhalango, zonsezi sizikopa wamalonda wamkulu ndipo sizioneka bwino pa chithunzi. Ine ndikadakhala ndi mphamvu pa bajeti, ndikadaika kuno ndalama zambiri kuposa pa mapanelo.

Mufunsa kuti nanga usiku tidzathana nawo bwanji. Pali ntchito ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi nthambo yolumikiza Phombeya ndi Matambo ku Tete m'dziko la Mozambique, ya makilomita 218, yomwe idachedwa kangapo. Idakonzedwa kuti poyamba izibweretsa mamegawati 50, ndipo phindu lake lenileni n'lakuti imatilumikiza ku msika wa magetsi wa mayiko a kummwera kwa Africa, komwe tingagule tikachepekedwa n'kugulitsa tikachulukidwa. Koma magetsi ogulawo timalipira ndi madola, ndipo madola athu alipo kale ochepa. Mafuta okha amafuna pafupifupi madola 50 miliyoni pamwezi, pomwe fodya yense wa 2024 adabweretsa pafupifupi madola 400 miliyoni. Inayo ndi yomanga malo opukusa magetsi a madzi ku Mpatamanga, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, ya mamegawati 358, yomwe ikuyembekezeka kudya madola oposa 1.5 biliyoni. Mu Meyi 2025 World Bank idavomereza thandizo la madola 350 miliyoni, zina zichokera ku makampani monga EDF ya ku France, ku IFC, nthambi ya World Bank yoika ndalama m'makampani, ndi kwa obwereketsa ena. Palibe bajeti ya Malawi yomwe ikadanyamula yokha katundu ameneyu, ngakhale titaleka feteleza zaka zingapo. Mpatamanga ndi wosiyana ndi anzake chifukwa adzakhala ndi damu losunga madzi, moti masana dzuwa likamagwira ntchito iye azisunga, madzulo n'kutsegula. Akadzatha, ndi pomwe sola wochuluka adzakhale ndi tanthauzo. Nkhawa yanga ndi yakuti nayenso ali pa Shire yemweyo. Malo a kumpoto monga Fufu pa South Rukuru ndi Songwe m'malire ndi Tanzania akhala pa mapepala zaka zambiri, ndipo kafukufuku ndi mapulani omaliza a malo otere ndi ntchito ina yomwe boma liyenera kulipira lokha, chifukwa wamalonda amabwera zikakhala zapsa kale. Mpatamanga nayenso adzafuna wogula wolipira pa nthawi yake kwa zaka makumi angapo. ESCOM ikadzalephera, ngongoleyo idzagwera boma, kutanthauza inu ndi ine.

Ku msonkhano wa ku Dar es Salaam mu Januwale 2025, Malawi idalonjeza kuti pofika 2030 anthu 70 pa 100 aliwonse adzakhala ndi magetsi. Malonjezo otere tawamva kambiri, ndiye ine sindiyang'ana kwambiri nambala yomwe nduna yawerenga pa tsiku la bajeti. Ndalama kulembedwa m'buku ndi ndalama kutuluka ku Capital Hill n'zosiyana. Misonkho ikapanda kukwana pakati pa chaka, malipiro sangadulidwe, chiwongola dzanja sichingadulidwe, ndiye zoyamba kudulidwa ndi ntchito zachitukuko zomwe boma limalipira lokha, momwe muli mapolo, mapampu ndi mabatire aja. Phungu wanu akadzabwera ku msonkhano wa chitukuko cha m'dera, musadzamufunse kuti boma laika zingati ku magetsi. Mudzamufunse kuti mwa zomwe zidaikidwa chaka chatha zidatuluka zingati, ndalama za MAREP zomwe zidagwidwa zija zabwezedwa zingati, ndipo khonsolo ndi chipatala cha m'boma lanu zili ndi ngongole ya magetsi yochuluka bwanji. Funso loyambalo yankho lake lili m'lipoti la pakati pa chaka lomwe nduna ya zachuma imapereka ku Nyumba ya Malamulo, ndipo phungu aliyense amalandira lake.